Mafunso amene mumandifunsa chichokereni ku Manda Hill

Abale anga, ine ku Manda Hill, ku nyumba ya malamulo ya Zambia ku Lusaka, ndinakhalako ngati phungu teremu imodzi chabe, zaka 5, kenako voti yomwe inandikweza ndi yomwenso inandikhazika pansi, ndipo sindikudandaula ai, mwina munachita bwino kumene. Manje ndimalima nshawa ndi soya, koma dzina loti a honarebo lakana kuchoka, ndiye kulikonse komwe ndaima, kaya pa Saturday Market ndikugula matimati, kaya pa siteshoni ya Kapata, kaya pamaliro usiku tikuotha moto, mafunso ndi omwewo omwewo. Ndawasonkhanitsa pano momwe mumawafunsira. Chipani sinditchula, dera sinditchula, kaili pano ndilibe chipani, ndili ndi khasu, reji ndi voters card monga inu nomwe.

A honarebo, ntchito ya MP kwenikweni ni chani?

Mukanandifunsa ndisanapite ku Lusaka ndikanakunamizani, chifukwa inenso ndinkaganiza kuti ndikupita kukatenga chitukuko ndibwere nacho pa lole. Konsitichushoni yathu, ija inakonzedwanso mu 2016, pa Article 63 imakamba zina. Ati nyumba ya malamulo ipange malamulo, ivomereze bajeti, ifufuze momwe ndalama za boma zikuyendera, ione kuti chuma cha dziko chikugawidwa mosakondera, komanso ngongole ya dziko idutse kwa aphungu isanatengedwe. Werengani kuchokera pamwamba mpaka pansi, mulibe mjigo, mulibe bokosi la maliro, mulibe jezi ya timu ya mpira.

Phungu ndi mlonda amene mwamulemba ntchito kuti akakhale pakhomo la shedi ya chimanga. Shedi si yake, makiyi ali ndi nduna ndi akuluakulu a m'maofesi, iye yake ndi kuwerenga matumba olowa ndi otuluka, ndi kukuwa akaona thumba lina likutuluka usiku. Msewu amakonza ndi a RDA, bungwe la misewu, kapena khonsolo, za mankhwala amaona ndi unduna wa zaumoyo. Ndiye wina akaima pa kampeni ati ndidzakumangirani mlatho, mufunseni mwaulemu kuti abwana ndalama yake ili pa tsamba liti la bajeti, muone momwe atsokomolere.

Ndiye tikaferedwa tisamuimbire foni MP? Umunthu uli kuti?

Umunthu ulipo amai, ndipo ine mabokosi ndinagula ambiri moti ndikanangotsegula shopu yake. Foni inkayamba kulira 4 koloko m'mawa, uyu wataya m'bale kuchipatala akufuna galimoto, uyu mwana wabwezedwa kusukulu, uyu denga lasasuka ndi mphepo, uyu wagona ku polisi. Sindinkakana, munthu wolira sumuwerengera malamulo. Koma tiyeni tiwerengere limodzi. Dera limodzi lili ndi anthu masauzande ambirimbiri, maliro ndi a tsiku ndi tsiku. Salale ya phungu ndi yabwino inde mukaiika pafupi ndi ya aphunzitsi, pali ma alawansi, pali gratuity pomaliza, koma singaike m'manda dera lonse. Ikatha amakongola. Akakongola amayamba kuyang'ana uku ndi uku kuti abweza bwanji, ndipo njira zake zimakhala ziwiri, kunyambita akuluakulu kuti amupatse unduna, kapena kukankhira kontrakiti kwa mlamu wake kuti adulirepo kenakake. Munthu amene akufuna unduna safunsa funso lovuta m'nyumba muja, amangofuula hear hear mpaka nthawi ya tiyi.

Ndiye bokosi lija munalandira mwalilipira ndinu nomwe, mwalilipira ndi kiliniki yopanda mankhwala. Ndipo chimene chimandiwawa ndikakumbuka n'chakuti banja limene ndaligulira bokosi silingabwerenso kudzandifunsa kuti bwanji za msewu wathu simunakambe, manyazi amawagwira, pakamwa pamatsekeka. Ndivomere poyera, nthawi zina zinkandikomera zimenezi, kaili munthu amene akuthokoza sapempha risiti.

Pamaliro muuzeni, abwere adzakhale nanu ngati mnansi, apereke chipepeso monga aliyense. Koma tsiku lomuyeza ngati wagwira ntchito, mabokosi muwaike pambali.

Nanga CDF, ndalama ya chitukuko cha dera ija timamva pa wailesi, si imakhala m'thumba mwa MP?

Ai. Imalowa mu akaunti yosungidwa ndi khonsolo, phungu sasaina cheke. CDF inayamba mu 1995, ndipo nthawi yanga kanali kandalama kosafika ngakhale 2 miliyoni, mukamanga kabuloko kamodzi ka makalasi ndi mijigo ingapo basi katha. Mu 2021 inali K1.6 miliyoni pa dera. Bajeti ya 2022 inailumphitsa kufika K25.7 miliyoni, mu 2023 inakhala K28.3 miliyoni, mu 2024 K30.6 miliyoni, mu 2025 K36.1 miliyoni. Chulukitsani ndi madera 156 amene tinavotera mu 2021, mupeza ndalama yopitirira K5 biliyoni chaka chimodzi chokha. Ine ndikamva manambala amenewa ndimachita kansanje pang'ono, koma ndimachitanso mantha, chifukwa uchi ukachuluka ntchentche nazo sizichedwa.

Ndalamayi ili ndi mbali zitatu, mapulojekiti a anthu onse monga makalasi, madesiki, nyumba za amai oyembekezera ndi mijigo, kenako bursary ya ana a ku boarding ndi ophunzira ntchito zamanja, ndiyenso empowerment ya amai ndi achinyamata yomwe ili ndi grant ndi loni. Pempho limayambira kumudzi, lipita ku WDC, komiti ya chitukuko ya mu wadi, lichoka apo lipita ku komiti ya CDF ya dera, akatswiri a khonsolo aliyeza, likavomerezedwa khonsolo ndiyo imaitana makontrakita ndi kuwalipira.

Koma ndisakunamizeni kuti phungu alibe dzanja mmenemo. Amakhala mu komiti ija, ndipo ena mwa okhala naye amawasankha ndi iye. Ndiye mukaona mijigo yonse ikugwera mbali imene anapezako mavoti, uko anamukana anthu akumwabe m'dambo limodzi ndi ng'ombe, musati zangochitika. Ndipo akabwera ndi suti kudzadula riboni, amai akuvina ndi kululuta ati abwana atimangira, kumbukirani kuti ndi ndalama ija munadulidwa pogula sopo, malata, simenti ndi talk time. Kuvina vinani, ine sindiletsa gule, koma mukuvinira thukuta lanu lomwe.

Kwathu kalasi inaimira pa windo, kontrakita anasowa. Tichite chani?

Apa ndiye khalani pansi bwino, chifukwa apa ndi pamene munthu wamba ali ndi mphamvu kuposa momwe amaganizira. Musayambe ndi kutukwana pa Facebook, yambani ndi kope ndi bolopeni. Lembani tsiku limene anayamba, tsiku limene anasiya, jambulani khoma ndi foni, jambulaninso chikwangwani chija chili ndi dzina la kampani. Kenako pitani kwa apampando a WDC ndi a kansala mukafunse kuti kontrakiti inali ya zingati, munthuyo walandira kale zingati, ndipo ndani anasaina kuti ntchito yafika pomulipira. Funso lomalizali ndi limene limatulutsa thukuta ngakhale mu Juni, chifukwa kontrakita salandira ndalama popanda injiniya kapena mkulu wina kulemba kuti ndaona ndi maso anga. Ngati analipidwa za denga koma denga palibe, ndiye kuti wina anasaina bodza, ndipo wina ameneyo ali ndi dzina, ali ndi desiki, amapita ku tchalitchi Lamulungu.

Pemphaninso BOQ, pepala lija limaonetsa matumba a simenti angati, malata a geji yanji, zitseko zingati. Pamudzi sipasowa bilikileya wakale, mupatseni aone, adzakuuzani yekha kuti apa simenti anangowaza ngati mchere wa mu ndiwo. Kalata lembani ziwiri, ina musiye ku ofesi, ina akudindireni sitampu mubwerere nayo kunyumba.

Ndili phungu kunabwera amai atatu ndi kope lakuda ndi utsi wa kukhitchini. Anali akulemba lole iliyonse ya mchenga ndi thumba lililonse la simenti lofika pamalo ena pomwe pankamangidwa, tsiku ndi tsiku, zolemba zopindikapindika koma zosaphonya. Ndinatenga kope lomwelo kupita nalo ku ofesi ina kumene mkulu wake anali atandizemba miyezi inayi ati ali ku wekishopu. Anatsegula masamba atatu chabe, anapempha madzi akumwa, sabata isanathe anyamata anabwerera pa ntchito. Chingerezi changa chonse cha ku Manda Hill sichinachite zimene linachita kope lija.

Loni ya CDF tibwezerenji, si ndalama ya boma?

Mphwanga, ija subweza ndi grant. Loni dzina lake lomwe likukuuza. Ndalamayo inapangidwa kuti izizungulira, iwe ubweze wina atenge. Koma timaona makopaletivu obadwa usiku umodzi pansi pa mtengo wa mango, mamembala onse a nyumba imodzi mpaka agogo osaona, ati tiweta nkhuku, ndalama itangolowa munthu wagula honda ndi sipika yaikulu. Mawa yemweyo ali pa wailesi kuloza chala ati akuluakulu akuba. Mwina akuba inde, koma iwe ndi iwo mwasiyana kukula kwa mbale chabe.

Chaka chilichonse timamva lipoti ya Auditor General, mamiliyoni asowa, womangidwa sitimuona. Phindu lake n'chani?

Auditor General samanga munthu, iye amawerenga mabuku ndi kulemba zimene wapeza. Lipoti imapita ku nyumba ya malamulo, komiti ya PAC younika ndalama za boma, imene mwa mwambo apampando ake amachokera kotsutsa, imaitana ma permanent secretary kudzayankha, ndipo za makhonsolo zili ndi komiti yakeyake. Komiti imafunsa, imakalipa, imalemba malangizo, koma maunyolo ilibe. Kufufuza ndi kumanga ndi kwa apolisi, a ACC olimbana ndi ziphuphu ndi a DEC olimbana ndi mankhwala osokoneza bongo ndi ndalama zopezeka mwachinyengo, kutengera mlandu kukhoti ndi kwa DPP, mkulu wozenga milandu m'malo mwa boma, ndipo kuyambira 2022 kuli khoti lapadera la milandu ya zachuma. Mukuona kutalika kwa njira, ndipo paliponse fayilo ikhoza kugona tulo. Akulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo makoswe athu amadziwa kusankha mkhate. Ambiri mukukumbuka magalimoto ozimitsa moto 42 amene anagulidwa pa madola 42 miliyoni mu 2017, dziko lonse linasokosa, ena anakaima ndi zikwangwani kunja kwa nyumba ya malamulo, koma magalimoto anali atagulidwa kale.

Komabe musati palibe chimachitika. Mu 2016 Constitutional Court inagamula kuti nduna zimene zinakhalabe m'maofesi nyumba ya malamulo itatsekedwa zibweze malipiro amene zinalandira. Mu 2002 aphungu anachotsa chitetezo cha pulezidenti wakale a Chiluba kuti akayankhe kukhoti, mu 2013 anachita chimodzimodzi kwa pulezidenti wina wakale, a Rupiah Banda, wathu wa kuno kum'mawa. Onse awiri khoti linadzawamasula, a Chiluba mu 2009, a Banda mu 2015, ndipo za ndale zimene zinali kuseri tikhoza kukangana mpaka tambala, koma chimene chinaoneka n'chakuti ngakhale mpando wa ku State House suphimba munthu mpaka kalekale. Mlandu suola.

Phindu la lipoti lili m'manja mwanu. Ili pa intaneti, yaulere. Mwana wa Grade 12 akupezereni tsamba la boma lanu, kaya ndi Chipata, Katete, Petauke, Chadiza kapena Lundazi, awerenge mokweza, ndiye tsiku limene phungu kapena meya ali pa Breeze FM kapena Radio Maria muimbe foni mufunse za tsamba limenelo, nambala yake ndi ndalama yake. Munthu wandale saopa kutukwanidwa, tinazolowera, khungu linakhuthala. Amaopa munthu amene wagwira pepala.

MP wathu chivotereni sanabwereko. Tingamuchotse zaka 5 zisanathe?

Ndi dzanja lanu ai. Malamulo athu alibe njira yoti ovota asaine mayina phungu abwezedwe kwawo. Abale athu a ku Malawi, kuseri kwa Mwami, anali nayo, Section 64 ya konsitichushoni yawo, koma aphungu awo anaifafaniza mu 1995, kaili palibe mbuzi imadzimangirira yokha pa chikhomo. Kuno mpando umatha phungu akamwalira, akasiya yekha, akachoka m'chipani chimene anaimira, akapatsidwa chilango cha ndende, kapena khoti likapeza kuti masankho sanayende bwino, ndipo wosuma ayenera kufika ku High Court pasanathe masiku 14 chilengezereni zotsatira. Kupatula apo chotsala ndi kumuvutitsa mwaulemu ndi makalata ndi mafoni, ndi kudikira Lachinayi lachiwiri la Ogasiti chaka cha masankho. Ine ndine mboni kuti tsiku limenelo limagwira ntchito.

Bwanji mukafika kuja mumangovomera zonse motsata chipani?

Chifukwa chipani chilichonse chili ndi whip wake, munthu amene amakuuza m'mawa kuti lero tivota chakuti, ndipo ukapanduka umadziwa kuti adoption yoimira chipani ulendo wotsatira sudzaiona. Koma sindibisala kumbuyo kwa whip, tchimo lina linali langa ndekha. Buku la bajeti, lija amati Yellow Book, ndi lonenepa ngati njerwa ziwiri. Chaka changa choyamba sindinaliwerenge. Ndinangofunafuna pamene pali dzina la dera langa, ndinapeza kamsewu kamodzi, ndinasangalala, zina zonse ndinavomera ngati munthu woyankha amen asanamve pemphero. Ndipo sindinali ndekha. Ndiye pamene dziko linalephera kulipira ngongole ya Eurobond mu Novembala 2020, anthu anatukwana nduna ndi apulezidenti, koma tonse amene tinakhalapo pa mipando ija zaka zosiyanasiyana, tikuvomera kudya ndalama zimene kulibe, tili ndi gawo lathu.

Komatu voti ya phungu mmodzi imalemera tsiku lina. Mu 2001 nkhani ya teremu yachitatu ya a Chiluba inafa chifukwa matchalitchi, maloya ndi mabungwe anakana, komanso aphungu ndi nduna za m'chipani cholamula chomwecho zinakana, ena mpaka kutaya maudindo. Bill 10, bilu yofuna kusintha konsitichushoni, inagwa pa 29 Okutobala 2020, inapeza mavoti 105 pamene inafunika 111. Anthu 6 chabe. Kaya munkaifuna kaya simunkaifuna, onani kuchepa kwa nambala imene inagamula za konsitichushoni ya dziko lonse.

Ndiye phungu wanu akabwera musamufunse za mpira ndi jezi zokha, mufunseni kuti pa bilu yakutiyakuti munaima mbali iti ndipo chifukwa chani. Zonse zimene amakamba m'nyumba muja zimalembedwa ndi kuikidwa pa webusayiti ya nyumba ya malamulo, pali Parliament Radio ndi Parliament TV, ndipo Lachisanu m'mawa pamakhala nthawi yofunsa a Vice President mafunso. Mukafunafuna zaka zitatu dzina lake osalipeza paliponse, ndiye kuti munatuma munthu wokatenthetsa mpando.

Koma wako ni wako, a honarebo. Mwana wakwathu tingamuyalutse bwanji?

Mawu amenewa anandidyetsa ine, sindikana, ndinawagwiritsa ntchito pa misonkhano ndipo anthu ankaomba m'manja. Kukonda kwanu si tchimo. Ine mu Febuluwale ndimakhala ku Mtenguleni pa Nc'wala, mu Ogasiti ku Mkaika pa Kulamba, ndipo mtima umadzaza. Koma kumudzi kwathu mwana akaba mbuzi ya eni, amene amayamba kumukoka khutu ndi amalume ake, osati mlendo. Bwanji akavala tayi mwambo usinthe? Wakoyo ndiye woyenera kumupanikiza kwambiri, kaili ukudziwa kumene amagona, amai ake mumapemphera nawo, nduna ya ku Mongu kapena ku Kasama ukaipeza kuti iwe. Ndipo pa mzere wodikira fataleza mvula itagwa kale sindinaonepo kuti Mngoni waima kwake, Mchewa kwake, Mnsenga, Mtumbuka ndi Mkunda kwawo. Dzuwa limawaotcha mofanana.

Akabwera ndi chitenje, sikipa ndi K50 nthawi ya kampeni tilandire?

Chitenje cha chipani ndi sikipa si mlandu, ndi zolengezera uthenga, valani, ena mumaberekera ana ndi nkhope yanga mpaka lero ndipo ndimaseka ndikaona. Ndalama yogulira voti ndi mlandu pa lamulo la masankho la 2016, kwa wopereka ndi wolandira yemwe. Koma siyani za lamulo, gawani chabe K50 pa zaka 5. Ndi K10 pa chaka, pa mwezi siifika ngakhale 1 kwacha. Ndi mtengo umene mwadziika. Ndipo mu kachipinda kovotera mumakhala nokha, wina asakuopsezeni ati tili ndi makina oona pamene mwachonga, mulibe.

Grade 12 ija inathandiza chani?

Article 70 imati wofuna uphungu akhale nzika, wazaka 21 kupita m'mwamba, wolembetsa kuvota, wokhala ndi setifiketi ya Grade 12 kapena yofanana nayo, ndipo aulule katundu ndi ngongole zake. Sukulu imathandiza, zonse kuja zimayenda mu Chingerezi ndi manambala. Koma setifiketi siipatsa munthu manyazi. Ine chimene ndimafuna muzigwira ndi chomalizacho, za katundu. Wolowa ndi njinga ndi nyumba imodzi, pakatha zaka zitatu ali ndi malole ndi ma lodge, ayankhe kuti anakolola munda uti.

Tikamufuna timupeza kuti, foni sayankha?

Dera lililonse lili ndi ofesi ya phungu, ndipo anthu ambiri amaiopa poganiza kuti ndi ya chipani. Si ya chipani, ndi ya nyumba ya malamulo, ogwira ntchito mmenemo amalipidwa ndi misonkho yanu, ndiye kaya munavotera wina lowani basi, siyani kalata, akulembeni m'buku. Mukapeza makada a chipani atakhala pakhomo kufunsa kuti ndinu a mbali iti, chimenechonso chilembeni mu kalata yomweyo. Article 88 imalola nzika iliyonse kulembera nyumba ya malamulo kupempha kuti lamulo lina lipangidwe, lisinthidwe kapena lichotsedwe, ndipo makomiti akamaunika bilu amaitana anthu kupereka maganizo. Mu Disembala 2023 kunasainidwanso lamulo la Access to Information, limene tinalidikira zaka zoposa 20, lopatsa munthu ufulu wopempha zikalata ku maofesi a boma. Sindikuti mukangopempha akupatsani akumwetulira, ena adzakuyang'anani ngati mwapempha mkazi wawo, koma mawu oti ndiwe ndani iwe alibenso mwendo woimira. Safunsa anadya phula.

Ine ndimagwira ntchito m'boma ndipo ndaona zinthu. Ndikaulula sindidzavutika?

Mwana wanga, ndikakuuza kuti palibe choopsa ndiye kuti ndakunamiza. Lamulo loteteza oulula lilipo kuyambira 2010, ACC ili ndi ofesi kuno ku Chipata, ndipo za kuzunzidwa kapena kusathandizidwa bwino ndi ofesi ya boma kuli Public Protector. Koma ndinaonapo munthu wolungama akulandira kalata ya transifa kupita kumene basi imafika kamodzi pa sabata, ati ndi zofuna za ntchito. Ndiye chita mwanzeru. Sunga umboni pamalo awiri, lemba masiku, usakambe ku bala, usauze ngakhale mnzako wa pa desiki. Kamba chimene waona ndi maso, chimene wangomva chisiye. Lamulo lija lomanga munthu chifukwa chonyoza apulezidenti linachotsedwa mu Disembala 2022, koma malamulo a kuipitsa dzina la munthu ndi a za pa intaneti alipobe, ndiye kutchula munthu kuti wakuba pa WhatsApp popanda pepala kukhoza kukugonetsa iwe mu selo, wakubayo ali pa sofa.

Mwakamba za MP, za khonsolo, nanga ife anthu wamba mbali yathu ni iti?

Article 43 inalemba, kukhoma misonkho, kusamala malo okhala, kuthandizana ndi apolisi, kulembetsa ndi kukavota. Koma ine ndikamba zimene ndinaona. Ndinkaitana msonkhano wa chitukuko, funso loyamba linali loti kuli ya sopo? Ndikati kulibe, pankabwera anyakwawa, amai asanu ndi ana odzaona galimoto. Tsiku lomwelo kukamveka kuti wina akugawa K20 kusukulu, mudzi wonse mpaka odwala. Ndiye mndandanda wa mapulojekiti unkalembedwa ndi anthu asanu aja, ndipo mawa onse akudandaula kuti sitinafunsidwe.

Mjigo ukaonongeka kamphira kakang'ono, mudzi wa nyumba 60 umalephera kusonkha, ukudikira a honarebo achoke ku Lusaka makilomita opitirira 500. Fataleza yotsika mtengo ya boma, ya FISP, wina amagulitsa asanafike nayo kunyumba, mu Febuluwale ali pakhomo panga ati njala. Zinyalala timathira mu Lunkhwakwa ndi m'ngalande, madzi akalowa m'nyumba ku makomboni timati boma. Pamsika wina akakuuza kuti ndipatse theka chabe risiti tisiye, umasangalala kuti wapulumutsa, osadziwa kuti wagulitsa ufulu wofunsa chifukwa chimene chimbudzi cha pamsika sichikugwira ntchito. Pa rodibuloko amene amayamba kupinda ndalama mu laisensi nthawi zambiri ndi dalaivala. Sindikuti zonsezi zikufanana ndi munthu wakuba mamiliyoni a mankhwala, ai, wamkulu mlandu wake ndi waukulu. Koma wamkuluyo amagona tulo tabwino podziwa kuti ife tonse tili ndi kena kotichititsa manyazi.

Mudzaimanso, a honarebo?

Amai a kunyumba anati ndikangotchulanso za nomination adzanyamula mapoto kubwerera kwawo ku Chadiza, ndipo ngongole ya kampeni yomaliza ndinamaliza kubweza ndi ng'ombe zinayi, ndiye yankho mwalimva. Chimene ndimachita manje ndi kupita ku msonkhano wa WDC wa mu wadi mwathu, ndimakhala kumbuyo pa benchi ndi kope langa. Ulendo wathawu a kansala atandiona anati a honarebo bwerani kutsogolo kuli mpando. Ndinati ai zikomo, pano ndi pabwino, ndili ndi kafunso chabe ka madesiki aja munati afika mwezi watha.